Ulendo wa a Makwinja Wokazonda Matenda ku Solihull

Ellard Makwinja wa ku Erdington, ku England, ankayamba ntchito m'mawa uliwonse ndi kudzikana. Wodwala akangolowa, asanapeze n'komwe poika ambulera, Ellard ankaimirira, n'kuloza baji ya pachifuwa, n'kunena m'Chingerezi chosalala kuti iye si dokotala. Malamulo a ntchito yake ankafuna choncho. Odwala ena ankangoti chabwino, n'kuyamba kuvula sokosi kuti amuonetse chala chotupa. Ena ankacheukira kuchitseko ngati munthu amene wazindikira kuti wakwera basi yolakwika, koma basiyo yanyamuka kale.

Kumudzi nkhani inali ina. Kwa zaka zambiri Ellard anali clinical officer pa chipatala cha boma lina la m'chigawo chapakati, ndipo kumeneko palibe amene ankamufunsa kuti kodi ndiwe yani. Mwana akapingasa m'mimba, ankaitana iye. Munthu akagwa pa lole ya fodya, ankaitana iye. Ankalemba mankhwala, ankang'amba, ankasoka, magetsi akazima namwino ankamuunikira ndi foni. Dokotala wa digiri ankaoneka mwa apo ndi apo, nthawi zambiri atanyamula chikwama cha ku msonkhano.

Kenaka mkazi wake Deliwe, yemwe ndi namwino, anapeza ntchito pa chipatala chachikulu cha ku Walsall, ndipo Ellard anatsatira, dzanja lina atagwira mwana wawo Mwai, lina envelopu ya masatifiketi. Angerezi anawawerenga masatifiketiwo mwaulemu kwambiri. Anati ndi abwino, ndi oona, koma ntchito yotchedwa clinical officer m'mabuku mwawo mulibe, ndipo munthu amene ntchito yake mulibe m'buku ndiye kuti sanagwirepo ntchito. Manja amene anabadwitsa theka la boma anayamba kunyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu kunja kwa Walsall. Masana makatoni, madzulo sukulu. Imvi zitayamba kutuluka m'masaya, anamaliza maphunziro a ntchito imene m'buku la Angerezi inalimo: physician associate, mwachidule PA.

PA amaloledwa zambiri ndithu. Amafunsa wodwala, amamuyeza, amamvera chifuwa, amaloledwanso kuganiza. Chimene saloledwa ndi kulemba mankhwala, kapena kutumiza munthu kukajambulidwa ekisire. Ndipo chachikulu pa zonse n'chakuti PA sakhala payekha. Pamwamba pake pamayenera kukhala dokotala womuyang'anira, munthu weniweni wokhala ndi dzina, amene zinthu zikaipa amayankha. Dokotalayo akachoka, PA amatsala ngati ngolo yopanda ng'ombe: matayala ali bwinobwino, koma siipita kulikonse.

Ng'ombe ya Ellard inali Dokotala Marvin Dixon, mkulu wa tsitsi loyera, mmodzi mwa eni ake a kiliniki ina ya ma GP, madokotala a m'dera oona matenda a tsiku ndi tsiku, kuseri kwa msewu wa masitolo ku Erdington. Ali mnyamata, a Dixon anagwirapo ntchito miyezi ingapo pa chipatala cha mishoni kum'mawa kwa Zambia, choncho clinical officer ankamudziwa ndi maso awo, osati m'buku. Pa tsiku la intavyu anangomufunsa Ellard za chotupa china cha m'mimba chimene anachitapo opaleshoni magetsi atazima, n'kumulemba ntchito. Ku Zambia anabwerako ndi timawu tochepa ta Chinyanja, ndipo m'mawa uliwonse ankakuwa m'khonde kuti, "Muli bwanji, bwana!" Ellard ankayankha akuseka. M'dziko lonse la England munthu amene ankamutcha bwana anali bwana wake.

Zipinda zawo zinali zoyandikana. Ellard akamaliza kuona wodwala, ankagogoda, n'kufotokoza zimene wapeza, a Dixon n'kufunsa funso limodzi kapena awiri, mafunso obaya, n'kulemba mankhwala pa kompyuta. Ellard, amene poyamba ankaona ngati kugogodako n'kumunyoza, anayamba kukukonda. Kumudzi zaka zonse zija analibe womugogodera.

Kenaka zinthu zinatembenuka. Manyuzipepala anayamba kulemba za odwala amene anaonedwa ndi ma PA akuganiza kuti aonedwa ndi madokotala, ena zinthu n'kuwathera moipa. Mabungwe a madokotala anakwiya. Boma linachita zimene boma limachita likapanikizika: linasankha munthu wophunzira kwambiri kuti afufuze. Ma PA analembetsedwa m'kaundula wa bungwe lomwelo limene limalembetsa madokotala, kutanthauza kuti tsopano anali ndi malo oti n'kufufutidwapo. Lipoti la kafukufuku litatuluka linati dzina lisinthe, asakhalenso associate koma assistant, wothandizira chabe, avale zoti aliyense aone kuti si madokotala, asamaone odwala amene matenda awo sanadziwike, ndipo aliyense akhale ndi dokotala wake wotchulidwa dzina. Ellard anawerenga zonsezo pa foni ali m'basi. Anaona kuti ntchito ya manja ake sinasinthe, koma chingwe chafupika.

Anzake amene anamaliza nawo sukulu anayamba kugwa mmodzimmodzi. Wina anabwerera ku labotale. Wina Ellard anakumana naye pakhomo pake penipeni, atabweretsa phukusi monga wogawa katundu m'makomo. Pa kiliniki pawo eni ake anakhala pansi, n'kumuitana, n'kumuuza kuti iye monga munthu alibe naye vuto ngakhale pang'ono, koma palibe dokotala amene ali ndi nthawi yoyang'anira PA. A Dixon okha ndi amene anati, "Ine ndili nayo." Kuyambira tsiku limenelo ntchito ya Ellard inalendewera pa munthu mmodzi. A Dixon akatsokomola kuseri kwa khoma, Ellard ankasiya kulemba n'kutchera khutu.

Zinayamba pang'onopang'ono, cha m'nyengo ya Isitala. A Dixon anamufunsa funso, iye n'kuyankha, iwo n'kugwedeza mutu, n'kufunsanso funso lomwelo ndi mawu omwewo. Tsiku lina anawapeza poimika magalimoto, kiyi ali m'manja, akuyang'ana magalimoto mmodzimmodzi ngati wogula. Ukalamba, anatero Ellard mumtima. Ndani saiwala galimoto?

Koma kunabwera mayi wina wa chilonda cha pamwendo. Ellard anagogoda, anafotokoza, ndipo ananena momveka kuti thupi la mayiyo limadana ndi penisilini, anatupapo nkhope yonse. A Dixon anavomera. Anatembenukira ku kompyuta n'kusankha penisilini yemweyo. Kompyuta inatulutsa chenjezo lofiira. A Dixon analidina n'kulichotsa ngati akuthamangitsa ntchentche.

Ellard anasendera pafupi. Kumene anakulira, munthu wamkulu sauzidwa kuti walakwa. Amapatsidwa khomo lotulukira.

"Dokotala," anatero, "kompyuta yanuyi ikuoneka kuti yayambanso kusokoneza."

A Dixon anayang'anitsitsa. Kwa kamphindi nkhope yawo inakhala ngati nyumba imene anthu asamukamo. Kenaka anaseka, anamenya kompyutayo ndi chikhatho, nasintha mankhwala. "Zikomo kwambiri, bwana," anatero m'Chinyanja chawo chija.

Kuchokera pamenepo Ellard anasintha kagwiridwe ka ntchito. Ankalowa dzina la mankhwala ndi mlingo wake zili kale pakamwa, n'kuzipereka ngati funso: mwina inu, Dokotala, mukanakonda kupereka akutiakuti? A Dixon ankati inde, ndi zimene ndimaganiza. Ellard ankaima kumbuyo kwa phewa lawo kufikira batani lomaliza litadinidwa. M'khonde ankapereka moni kwa aliyense motchula dzina mokweza, kuti mkuluyo alitole. Poweruka ankanamizira kuti akufuna mpweya, n'kuyenda nawo mpaka pa galimoto yoyenera. M'mapepala a kiliniki zonse zinali m'malo mwake: PA mmodzi, dokotala womuyang'anira mmodzi. Mapepalawo sanafunse kuti mwa awiriwa akuyang'anira mnzake ndani.

Masamba atayamba kugwa m'misewu, Ellard anali ataonda, ndipo Deliwe anamufinya mpaka anaulula. Linali Loweruka masana, Deliwe akusita yunifolomu ya mawa lake pabalaza.

"Bambo a Mwai, zimene mukundiuzazi ku ward kwathu zili ndi dzina," anatero, osakweza maso. "Imeneyo ndi incident."

"Palibe amene wapweteka."

"Asanapweteke ndiye nthawi yake yolipota. Ma training onse aja munkagona?"

"Ndikalipota lero, mawa awaimitsa. Munthu wagwira ntchito moyo wake wonse, atuluke pakhomo ngati wakuba, ma receptionist akusuzumira? Munthu amene ananditola ndikununkha makatoni?"

"Ndipo akawaimitsa, inu mutsala ndi supervisor uti?"

Ellard anayang'ana pawindo. Panja mvula inali kuwaza mabini a zinyalala amene anandandalika mumsewu.

"Nenani zoona, abambo," anatero Deliwe, akuimika simbi. "Mukulirira ndani apa, a Dixon kapena a Makwinja?"

"Onse awiri. Ndi mlandu?"

"Kuno? Kuno chilichonse ndi mlandu. Registration yanu ija sanakupatseni kuti muzikongoletsera khoma."

Koma Deliwe nayenso sanabadwire ku Walsall. Anawaonapo a Dixon pa chinkhoswe cha mwana wa mnzawo, akuvina atavula jekete, ndipo mtima wake sunalole kuti mkulu woteroyo anenezedwe ku ofesi ndi munthu amene amadya m'dzanja lake. Anazimitsa simbi.

"Kwathu bambo akayamba kusokonekera sitiwauza pamaso," anatero. "Timapita kwa mayi. Mayi ndi amene amadziwa nthawi yoyankhula nawo."

Ellard anailandira nzeruyo ndi manja awiri, ndipo anaiwonjezera yake. Mayi Dixon akawanyengerere amuna awo kuti achepetse masiku, asiye kuona odwala ovuta, azingobwera pang'ono. Ulemu wawo usungike, dzina lawo likhalebe pachitseko. Dzina limenelo Ellard ankalifuna kuposa mwini wake.

Anapita Lamlungu lotsatira, atangoweruka ku tchalitchi. Deliwe anaphika nkhuku yathunthu, n'kukulunga mphika wake m'chitenje kuti isazizire. Anagula malalanje ndi botolo la sikwashi. Foni sanaimbe. Munthu wokazonda matenda sapempha nthawi, chifukwa ukapempha amakuuza kuti tili bwino, musavutike. Anayendetsa galimoto kudutsa mzinda wonse mpaka ku Solihull, kumene nyumba zimaima patalipatali ndipo mitengo ya mpanda imametedwa ngati mitu ya ana asukulu.

Anatsegula chitseko ndi mayi Janet Dixon, mayi wamtali amene anali hedi wa sukulu ya pulayimale mpaka kupuma. Anayang'ana Ellard mu suti yake ya ku tchalitchi, anayang'ana Deliwe ndi mphika wokulungidwa, nafunsa ngati kwagwa vuto. Ellard anati ayi, angodutsa. Mayiwo anayang'ana msewu wawo, umene sunkapita kwina kulikonse, koma anawalowetsa.

A Dixon anasangalala ngati mwana. "Muli bwanji, bwana!" Anamugwira Deliwe manja onse awiri, ananunkhiza mphika, nati fungo limeneli lawakumbutsa ku Zambia, adikire akatenge zithunzi. Anakwera masitepe.

Alendo anakhala m'mphepete mwa sofa. Anafunsa za ana, za munda wa maluwa, za kuzizira. Mayi Dixon anabweretsa tiyi, anayankha zonse, kenaka anafunsa funso limene Mngerezi sangathe kulisunga nthawi yaitali: kodi angawathandize chiyani?

"Mayi, ife tabwera kudzaona matenda," anatero Ellard.

"Matenda a ndani?"

"Kuntchito kuja, masiku ano timawaona bambo ngati otopa. Ntchito ndi yambiri. Makompyutanso a masiku ano..."

"A Makwinja, ine ndakhala ndi ana a sukulu moyo wanga wonse. Munthu akamazungulira ndimamudziwa. Mwaona chiyani?"

Pamwamba pankamveka mapazi. Dilowa inatsegulidwa, inatsekedwa. Ina inatsegulidwa. Ellard anatsitsa mawu n'kunena za mafunso obwerezedwa, za galimoto, ndipo pomaliza za penisilini. Mayi Dixon anaika kapu pansi mosamala kwambiri, ngati ikhoza kuphulika.

"Mwezi watha," anatero, "anatenga galimoto madzulo kuti akukatenga mwana wathu kusukulu. Mwana wathuyo ali ndi ana akeake, amakhala ku Leeds." Anapukuta maso ndi chala. "Ndinkadziuza kuti ndi za kunyumba kokha. Ndinkati zikanakhala zenizeni, kuntchito akanaona. Kuli madokotala okhaokha kumeneko. Palibe amene ananena kanthu, ndiye ndinkati ali bwino."

Ellard ataona mayi wamkulu akulira m'nyumba mwake momwe, anafuna kumupatsa chinthu chabwino koposa chimene anabwera nacho, choposa nkhuku.

"Musadandaule, mayi. Palibe amene akudziwa, ndipo sadziwa. Kuyambira pa Isitala ine ndakhala ndili kumbuyo kwawo. Mankhwala aliwonse amene amalembera odwala anga ndimawaona ndi maso angawa. Akalakwitsa ndimakonza mwakachetechete. Manyazi sanawagwerepo ngakhale tsiku limodzi."

Chidendene cha nsapato ya Deliwe chinatera pa phazi lake. Iye anaganiza kuti mkazi wake wangosuntha.

"Kuyambira pa Isitala," anabwereza mayi Dixon pang'onopang'ono. "Ndinu munthu wachifundo kwambiri, a Makwinja."

Ellard anayala nzeru yake ija ya kuchepetsa masiku. Mayiwo anamvetsera mpaka pamapeto, nati aganizira. Kenaka mapazi anatsika masitepe. A Dixon analowa atanyamula bulashi yopolishira nsapato, anaima pakhomo, nkhope yawo inawala.

"Muli bwanji, bwana! Janet, bwanji sunandiuze kuti kwabwera alendo?"

Asanatuluke Deliwe anapempha kuti apemphere, monga timachitira. Anapemphera m'Chichewa, mwachidule. A Dixon anati ameni mokweza.

Galimoto itangotuluka mu Solihull, Deliwe anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Isitala ija munaitchuliranji?"

"Kuti aone kuti sali okha. Sunamve? Anati ndine wachifundo."

"Ndinamva. Mayi aja anali hedi, abambo. Munthu wotero ukamuuza tsiku, amalilemba."

"Ndi mkazi wawo. Angawaneneze amuna awo?"

Deliwe anakumbatira chitenje chopanda mphika pamiyendo pake.

Lolemba m'mawa m'khonde munali zii. Chitseko cha a Dixon chinali chotseka, dzina lawo likadali pomwepo. Ellard atayatsa kompyuta anapeza kuti odwala ake onse a tsikulo asamutsidwira kwa ena. Anakhala. Anakonza mapeni. Anamva foni ya kutsogolo ikulira, ikuyankhidwa, ikuliranso. Dzuwa litakwera pang'ono, Helen, manijala wa kiliniki, anasuzumira n'kufunsa mokoma ngati ali ndi kamphindi.

Mu ofesi ya Helen munali kale dokotala wina wa eni kiliniki, mayi wachitsikana amene odwala ankamutcha Dokotala Winnie. Patebulo panali bokosi la matishu, chizindikiro cha ku England chakuti nkhani yaipa kale. Helen anati uwu si mlandu ayi, ndi kucheza chabe, koma alemba zimene zikambidwe kuti aliyense atetezedwe. Anafunsa Ellard kuti mumtima mwake akumva bwanji. Ellard anati ali bwino.

"Mayi Dixon anaimba m'mamawa," anatero Helen. "A Dixon sabweranso pakadali pano, akukaonedwa ndi madokotala a matenda amenewa. Mayiwo anakuyamikirani kwambiri. Anabwereza kawiri kuti tilembe zoti inu mwakhala mukuwateteza amuna awo kuyambira pa Isitala. Akuti sadzaiwala."

"Ndi zoona kodi?" anafunsa Dokotala Winnie.

Ellard anaganiza zokana. Koma kukana kukanatanthauza kunena kuti mayi wolira uja ndi wabodza. Anati ndi zoona.

Helen analemba, kenaka anaima. Anati m'malo a tsiku sangalembemo Isitala, pakufunika deti. Anatsegula kalendala pa foni. Kodi a Makwinja akutanthauza Lachisanu Loyera, kapena Lamlungu lenilenilo? Dokotala Winnie anati masiku onse awiriwo kiliniki inali yotseka, ndiye bwino alembe tsiku loyamba la ntchito pambuyo pa holide. Helen anati nanga ngati zinayamba holide isanafike? Anakambirana zimenezi mwaulemu kwa nthawi ndithu, Ellard ali pakati pawo ngati mbuzi imene ogula akukangana za kulemera kwake.

Deti litapezeka, Dokotala Winnie anapinda manja.

"Ndikufotokozereni mmene ena adzazionere, Ellard. Malamulo amene munasainira polembetsa amati mukaona kuti mnzanu wa ntchito akhoza kuika odwala pangozi, munene msanga, kwa oyenera. Inu munaona, simunanene. Chachiwiri, ntchito yanu imaloledwa pokhapokha pali dokotala wokuyang'anirani. Ngati inu munkadziwa kuti a Dixon sakutha, ndiye kuyambira tsiku talembali ankakuyang'anirani ndani? Mankhwala ankasankha ndani?"

"Ankasaina ndi iwo."

"Sindinafunse wosaina."

Ellard anayamba kufotokoza. Anati munthu wamkulu sachititsidwa manyazi pagulu. Anati anapita kunyumba ndi mkazi wake, mwaulemu, kukayankhula ndi mayi, ndipo imeneyo ndi njira yonenera. Helen anagwedeza mutu mwachisoni chenicheni, nati kiliniki imalemekeza zikhalidwe zonse, koma mayi Dixon pa tchati ya maudindo a pa kiliniki palibe.

"Odwala anga onse ali bwino," anatero Ellard. "Awoneni mmodzimmodzi. Palibe amene analandira cholakwika."

"Tiwaona. Ndipo ndikukhulupirira kuti tipeza zimene mukunenazo," anatero Dokotala Winnie. Mawu ake sanali aukali, ndipo zimenezo ndi zimene zinamuopsa Ellard. "Nanga odwala awo a Dixon? Amene ankalowa m'chipinda muja inu muli kwanu, chitseko chili chotseka? Kumbuyo kwa phewa kunkaima ndani?"

Zimenezo Ellard anali asanaziganizepo. M'miyezi yonse ija anawerenga mlingo uliwonse, anayang'ana batani lililonse, anagona akubwereza mayina a mankhwala. Anthu amene ankadutsa pakhomo pake n'kulowa khomo linalo ankawapatsa moni. Ena ankawatsegulira chitseko.

"Tangoyamba kumene kuyang'ana m'mawa uno," anapitiriza Dokotala Winnie. "Tapeza kale zotsatira za magazi za bambo wina, za mwezi wa Meyi. Zinkafuna kuti atumizidwe kuchipatala sabata lomwelo. Zinalembedwa kuti palibe chochita. Akuwaimbira panopa."

"Ali bwanji?"

"Sakuyankha foni. Mwina ali kuntchito."

Helen anasunthira bokosi la matishu kufupi ndi Ellard. Anapempha khadi lake lolowera m'kompyuta, nati apite akapume kunyumba kufikira zinthu zitaoneka bwino, asaimbire a Dixon, asayankhule ndi wodwala aliyense. Anamuperekeza mpaka pakhomo la kumbuyo, kuti asadutse pakati pa anthu odikira. Anati achita zimenezi pofuna kusunga ulemu wake.

Kuzizira kusanafike pachimake, ntchito inatha. Chifukwa chimene analemba sichinali cholakwa chilichonse, chinali kusowa kwa dokotala womuyang'anira. Nkhani ya Isitala inatumizidwa ku bungwe losunga kaundula, limene linayankha kuti lailandira ndipo lidzamuitana nthawi ikakwana. Za bambo wa magazi uja palibe amene anamuuza, ndipo iye sankaloledwa kufunsa. Ankati akamayenda mumsewu wa masitolo, ankayang'ana nkhope za amuna achikulire pamalo okwerera basi.

Deliwe anawonjezera ma shift. Sananenepo kuti ndinakuuzani, poti nzeru yopita kwa mayi inali yake, ndipo nkhuku anaphika yekha.

Tsiku lina Ellard anavala suti n'kupita ku kampani ina yotumiza antchito m'nyumba zosamalira okalamba, pamwamba pa sitolo ya mafoni. Mayi wa pa desiki anawerenga mbiri yake n'kukweza nsidze. Anati munthu wodziwa zambiri chonchi amufuna kwambiri, okalamba oiwalaiwala ndi ochuluka ndipo antchito oleza mtima ndi ochepa. Chatsala n'chimodzi chokha: munthu amene ankamuyang'anira pa ntchito yomaliza awalembere umboni.

"Akudwala," anatero Ellard. "Sangathe."

"Pepani kwambiri. Nanga palibe wina amene ankaona ntchito yanu miyezi yapitayi?"

Ellard anaganiza nthawi yaitali, chifukwa ankafuna kuyankha zoona.

"Palibe," anatero.

Mayiyo anayang'ana pa kompyuta, anayesa kudumpha malo olembapo dzina la womuyang'anira, kompyuta inakana. Anati asiye nambala ya foni.